Sienta yanga inafapo kale, ine ndinadziwa patatha miyezi isanu

Chimene chinaulula zonse si kompyuta kapena makina odula aja a m'magalaja a ku Blantyre ayi, kanali kamaginito kochotsa mu sipika ya wailesi yakufa. Amdala amene amandikonzera galimoto pano amayenda nako m'thumba la ovololo, atakakulunga m'kansanza kuti kasakande penti. Linali Loweruka m'mawa, ine ndapita kukadandaula makamaka za matayala, kuti akutsogolowa akutha mbali imodzi yamkati ngati wina akuwasenda ndi mpeni usiku. Iwo osayankha, anangozungulira galimoto ija kawiri manja ali kumbuyo, kenako nkutulutsa kamaginito kaja. Anakaika pa chitseko chakumbuyo, kanamata, phaa. Pa denga, kanamata. Atafika pa mapiko akutsogolo kumanzere, pamwamba pa tayala, kanangotsetsereka nkugwa pansi ngati akaika pa khoma la nyumba. Anatola, kuikanso chapafupi ndi chitseko, kanagwanso. Nde anandiyang'ana nkuti, "Achimwene, apa si chitsulo apa, ndi phala lomatira bodi ili. Galimotoyi munaigula kwa ndani?"

Ndibwerere kaye m'mbuyo kuti mumve mmene ndinagwera m'mbuna imeneyi, chifukwa sindine munthu wopupuluma kwenikweni, mayi akunyumba amachita kudandaula kuti kugula ndowa yokha ndimazungulira msika wonse wa Zomba. Ndinasunga ndalama zaka zitatu, zina za ku banki mkhonde ya akazi anga, zina za nandolo ndi mpunga wakumunda kwathu cha ku Jali, cholinga chili choitanitsa IT, galimoto yoyendapo kale kunja ija, kuchokera ku Japan, itsikire pa Dar es Salaam, ilowe pa Songwe, ndilipire msonkho wa MRA, ndiyambe ndine kuiyendetsa pa Malawi pano. Mu Meyi 2022 kwacha inagwa ndi 25 pelesenti, ndinapirira nkuonjezera chaka china. Ndiye mu Novembala 2023 inagwanso ndi 44 pelesenti, apo nde ndinangoti kukamwa yasa, ndalama yomwe dzulo lake inali yokwana galimoto ndi msonkho womwe inasanduka yongokwana kuifikitsa pa doko basi. Amene munali ndi mapulani ngati angawa nthawi imeneyo mukudziwa ululu wake, umagona uli ndi galimoto m'mutu nkudzuka uli ndi njinga ya kabaza.

Mtima ukakhala pamenepo ndi pomwe umayamba kukhalitsa m'magulu ogulitsana magalimoto aja a pa Facebook mpaka usiku. Ndinaiona chakumayambiriro kwa 2024, Toyota Sienta ya maso obulungira ija, yoyera, mipando isanu ndi iwiri, yolembetsa kale, COF, chiphaso choti ndi yoyenera kuyenda pamsewu chija, ilipo, mtengo wake wotsika moti kusiyana kwake ndi zinzake kunali kokwana fizi ya ana anga onse chaka chathunthu. Mawu ake anali omwe aja mumawadziwa, amayendetsa ndi mzimayi, yongopitira ku ofesi ndi ku tchalitchi, mwini wake akusamukira kunja nde akufuna ndalama mwachangu. Pano ndimaseka ndikaona mawu amenewa, kaya mzimayi ameneyu ndi mmodzi yemweyo amene amayendetsa magalimoto onse ogulitsa m'Malawi muno nkumasamukira kunja sabata iliyonse kkkk.

Ndinatengana ndi alamu anga, amene ukatswiri wawo pa galimoto ndi woti anakhalapo kondakitala wa minibasi chaka chimodzi, tinakwera pa depoti kupita ku Limbe. Mkulu wogulitsayo anati tikumane 2 koloko, anabwera cha m'ma 5 dzuwa litapendeka, galimoto atangoitsuka ikudontha madzi, matayala atawapaka mankhwala owalitsa aja. Nthawi imeneyo ndinaona ngati ndi ulemu kuti waitsuka. Pano ndinadziwa kuti galimoto yonyowa madzulo imabisa chilichonse, penti yosiyana mitundu imaoneka imodzi, mafunde a pa bodi saoneka. Alamu anatsegula boneti, anasolola kachitsulo koyezera oilo, kununkhiza, anati injini iyi ndi mwana. Ndipo zoona injini inali bwino, mpaka lero sinandivutepo. Tinayenda nayo kamtunda kochepa pa tala wosalala, wailesi ikulira, mkulu uja akungoyankhula osapuma kuti bigi mukachedwa pali wina wa ku Lilongwe watumiza kale ya mafuta. Tinalemberana kapepala pa boneti pomwepo kuti ndagula galimoto mmene ilili, ndinasaina, ndalama nkutumiza.

Ulendo wobwerera uja sindidzauiwala, tisanamizane. Kudutsa pa Njuli, Mbulumbuzi, Namadzi, kuima pa Thondwe kugula tomato wa mayi akunyumba pamtengo woyamba osanenerera nkomwe, sinanga ndine bwana tsopano. Kufika ku Matawale ana anatuluka akukuwa, aneba kusuzumira pa mpanda, usiku umenewo ndinadzuka kawiri kukaiona pa windo. Ndinaona ndithu kuti ndikasiya chiwongolero imakokera kumanzere koma ndinati ndi msewu, misewu yathu imapendekera kumbali kuti madzi azitsika.

Zizindikiro zinabwera pang'onopang'ono ndipo chilichonse ndinkachipezera chifukwa. Chitseko chakutsogolo kumanzere chimafuna kuchimenyetsa kawiri, ndinati ndi labala. Mvula ikagwa kapeti ya mbali yomweyo imanyowa, ndinati ana asiya galasi. Nyali imodzi inali yoyera mbee ngati yatsopano inzake yachikasu, ndinati mwina mzimayi uja anagundako geti. Alainimenti, yowongola matayala ija, ndinapangitsa kawiri, anyamata ake ulendo wachiwiriwo anandiuza kuti abwana yakana kulowa bwinobwino tangoyesetsa, ine osafunsa kuti yakana chifukwa chani. Chomwe chinandiopsa ndi tsiku lomwe tinakwera ku Ku Chawe ndi banja lonse kukaona damu la Mulunguzi, potsika paja pamakhala makona otsatizana, ndikaponda buleki galimoto imachita ngati ikufuna kupita kwina ine ndikuilozetsa kwina, manja anachita thukuta, kumbuyo ana akudya ma strawberry awo osadziwa kanthu. Lolemba lake ndinafunsa anzanga kuntchito za makaniko wodziwa, nkundilozera kwa amdala aja.

Atamaliza za maginito anandiuza kuti ndikhale pa mpando ndipotokole kiyi koma ndisalize injini. Mukudziwa Sienta imeneyi mawotchi ake ali pakati pa dashibodi, nde tonse tinali kuyang'ana pamenepo, timagetsi tonse tayaka. Anandilozera kofiira kokhala ndi chithunzi cha munthu ali ndi mpira kutsogolo, ka airbag, thumba la mpweya lofufuma pangozi kuteteza munthu lija, anati tiwerenge. Kagetsi kameneka pa galimoto yabwinobwino kamayaka masekondi ochepa, kompyuta ikamaliza kudziyeza kamazima kokha ngakhale injini isanalire. Kanga sikanazime. Tinadikira mphindi yathunthu, kali chiyakire. Anati lizani tsopano. Nditangoliza kanazima nthawi imodzi ndendende ndi ka oilo. Amdala anaseka chapansipansi, anati anyamata ake anali ochenjera, analumikiza waya wa kagetsi ka airbag ku ka oilo kuti kazioneka ngati kakugwira ntchito. Anamasula chivundikiro cha pa chiwongolero, mkati mopanda kanthu, malo a airbag anangotsekapo ndi chisiponji chakuda. Ya mbali ya pasenjala chimodzimodzi, dashibodi anachita kuimata nkuikuta bwinobwino. Miyezi isanu ndikuyenda pa msewu wa Zomba–Blantyre, mayi akunyumba ali pambali panga, tikudalira siponji.

Sanalekere pomwepo. Anasolola labala wa m'mphepete mwa chitseko nkundionetsa, kuti ku fakitale zitsulo amazilumikiza ndi timadontho tobulungira tofanana, totalikirana mofanana, mbali yakumanja tinalipo bwinobwino, koma kumanzere kunali zowotcherera za pamanja zotupatupa ngati zitosi za nkhuku. Mabawuti ogwira mapiko ndi boneti anali okandika mitu, kusonyeza kuti sipanala inadutsapo. Kenako anaikweza pa jeke, ine ndinagona nawo pansi pa katoni malaya anga oyera omwewo, anawalitsa tochi pa mwendo wa chesisi, chitsulo chija chimachoka kutsogolo kunyamula injini. Chakumanja chowongoka. Chakumanzere chinali ndi makwinya ngati chitini cha sobo chopondedwa nkuchiwongola, anachiwotcha ndi gasi nkuchikoka mwina ndi tcheni chomangirira pa mtengo, kenako kupakapo phula lakuda kuti chisaoneke. Anatenga chingwe wamba nkuyeza mopingasa, kuchokera tayala lakutsogolo kumanja kufika lakumbuyo kumanzere, kenako mbali inayo, zingwe ziwirizo sizinafanane, kusiyana kwake pafupifupi chala changa chachikulu m'lifupi. Anati galimoto yanu ikuyenda ngati nkhanu, mugule matayala a mtundu wanji adzatha basi.

Chitsimikizo chenicheni ndinachipeza mwangozi. Ndinali pa inshuwalansi ya third party, ija yokakamiza ndi lamulo yomwe imalipira anthu ena ukawaphwanyira koma iwe osakupatsa kanthu, nde nditamva zonsezi mantha anandigwira ndinati bola ndiike pa comprehensive, ija yolipiranso galimoto yako yomwe ikaonongeka. Kampani yomwe ndinapitako anati aione kaye galimoto, bambo wodzaiyeza uja atawerenga nambala ya chesisi anaimba foni ku ofesi kwawo, anabwera akugwedeza mutu, anati galimoto iyi tikuidziwa, inali ya kasitomala wathu, inawombana ndi lole chaka chatha, tinamulipira mwini wake yonse ife nkugulitsa chibenthu chake. Write-off. Anandionetsa ndi zithunzi zomwe pa foni, nambala yake yomweyi, kutsogolo kumanzere kulibe, galasi lonse lili mkati, ma airbag ali lendelende ngati matumba a ufa. Sindinafunse za amene anali mkatimo, ndinaopa yankho. Comprehensive anandikaniza, anati pokhapokha itakonzedwa moyenera nkuyezedwanso, ndipo ngakhale apo mtengo womwe angaiwerengere ungakhale wotsika.

Bambo ameneyu anali womasuka, tinakhala pa benchi nkundifotokozera zomwe ndikanayenera kudziwa kale. Anthu ambiri tikamva write-off timaganiza kuti ndi galimoto yoti yanyenyeka yosatheka, pomwe nthawi zambiri ndi masamu chabe. A inshuwalansi amawerengera kuti kukonza kudya zingati, galimotoyo pamsika ndi ya zingati, chibenthucho angachigulitse zingati, akaona kuti kukonza kwayandikira kapena kwapitirira mtengo wa galimoto amangomulipira mwini wake, kuchotsapo ka excess, kagawo kodzilipirira mwini wake kaja, chibenthu nkukhala chawo, kenako amachigulitsa kwa amene wapereka zambiri, mmene chilili pomwe chilili. Nde poti masipeyala kuno ndi odula komanso ndalama zakunja zimasowa, galimoto yakale ikhoza kupangidwa write-off chifukwa cha bampala, nyali ziwiri, ladiyeta ndi ma airbag basi, chesisi ili bwinobwino. Ina imapangidwa write-off poti inabedwa, mwini wake analipidwa, nkudzapezeka pambuyo pake. Koma ina nde ngati yangayi, fupa lenilenilo linathyoka. Palinso za madzi, zimene amdala aja amati ndi zoipa kuposa zonse poti sizioneka ndi maginito. Namondwe wa Freddy atadutsa mu Malichi 2023 magalimoto ambiri kummwera kuno anamira m'matope, ena mwa iwo anatsukidwa nkubwerera pamsika, imayenda bwino miyezi ingapo kenako mawaya ayamba kuchita dzimbiri mkati, lero mawindo akana, mawa giya bokosi yasokonekera, makaniko aliyense nkumangolota. Amdala amati ukafuna kuigwira ya madzi usolole lamba wa pampando mpaka kumapeto uone ngati ali ndi mzere wa matope, usuzumire njanji za pansi pa mipando ndi mmene mumakhala tayala la sipeya, ndipo ukamva perefyumu wambiri m'galimoto yogulitsa udzifunse kuti akubisa fungo lanji.

Chomwe chinandipweteka nchakuti kumaiko komwe magalimoto athuwa amachokera mbiri imeneyi imalembedwa. Ku UK kuyambira mu Okutobala 2017 ali ndi magulu anayi, A ndi yoti iphwanyidwe yonse osachotsako ndi bawuti yomwe, B ukhoza kuchotsako masipeyala koma bodi yake isabwererenso pamsewu, S ndi yoti chesisi kapena mafupa ake anakhudzidwa koma ikhoza kukonzedwa, N ndi yoti mafupa ali bwino zinaonongeka ndi zina. Ku South Africa galimoto yomangidwanso pambuyo pa ngozi yaikulu imalembedwa code 3, yoti siidzayendanso ndi code 4. Ku Japan pa okushoni pamakhala pepala lomwe woyeza amalembapo giredi, 4 kapena 4.5 ndi yabwino, ukaona R kapena RA udziwe kuti inakonzedwapo pambuyo pa ngozi, ndipo pepala limeneli ukhoza kulifufuza ndi nambala ya chesisi usanatumize ndalama. Nde amene mukuitanitsa ex-UK kapena IT muzifunsa zimenezi, musamangoona zithunzi zowala. Koma yangayi ngozi inachitikira konkuno, ndipo bulu buku, chikalata cha umwini wa galimoto, yomwe ndinapatsidwa inalibe paliponse posonyeza kuti galimotoyi inafapo, inangoonetsa kuti yasintha manja. COF nayo musaidalire pa nkhani iyi, ija imangoona kuti mabuleki, nyali, matayala ndi zina zikugwira tsiku limenelo, siinena mbiri.

Mkulu wondigulitsa uja ndinamuimbira. Poyamba anati sakundikumbuka, nditamukumbutsa anati aaa bigi galimoto munaiona nokha, munabwera ndi makaniko wanu, munasaina. Makaniko wake ati alamu anga aja, mxii. Nditatchula za siponji anadula foni, kuimbanso nambala sikupezeka mpaka lero. Mayi akunyumba sanakalipe, anangoti safunsa anadya phula, nkupitiriza kusankha mpunga, ndipo kunena zoona bola akanakalipa.

Komatu musamve ngati ndikunena kuti galimoto ya write-off ndi yosagula. Mnzanga wina wa kuntchito anagula chibenthu cha Vitz kwa a inshuwalansi maso ali tseguke, anapita ndi makaniko kukachiona chisanakhudzidwe ndi munthu, anaona yekha kuti chesisi ili bwino, anagula kutsogolo kwa inzake yodula pakati ija amati half cut, anamangitsa akuonerera, zithunzi za sitepe iliyonse ali nazo, galimoto ikuyenda mpaka pano ndipo ndalama yonse pamodzi inali yochepa kuposa kuitanitsa. Iyeyo anagula ngozi pamtengo wa ngozi, ine ndinagula ngozi pamtengo wa mzimayi wopita ku tchalitchi. Ine ndimaona kuti chibenthu chosakonza nchabwino kugula kusiyana ndi chokonzakonza chowala, poti bala ukuliona ndi maso, pomwe chokonza kale sudziwa kuti wokonzayo amaganizira moyo wako kapena phindu lake. Ndipo munthu wogula chibenthu kuti agulitse amathamangira zooneka, penti, bampala, nyali, zosaoneka zija ngati airbag ndi malamba amene amakhala atakoka nkuuma pangozi amazisiya dala poti ndi zomwe zimadya ndalama.

Yangayo ndinaikonzetsa. Inakhala ku Blantyre masabata atatu pa galaja yokhala ndi makina okokera chesisi moyeza, anadula mwendo wopindikawo nkuikapo wa galimoto ina, ndinagula ma airbag awiri akale ndi kakompyuta kake ndi malamba, matayala awiri atsopano. Fizi ya chaka chonse ija ndinkati ndapulumutsa inathera pamenepo nkuonjezeranso ngongole ya ku banki mkhonde. Pano ikuyenda mowongoka, kagetsi kaja kamazima kokha injini isanalire, ndimakayang'ana m'mawa uliwonse ngati mwambo. Koma amdala anandiuza mosabisa kuti chitsulo chowotcherera sichingafanane ndi cha ku fakitale, ma airbag akale palibe angalumbire kuti adzaphulika pofunika, nde ndisamathamange ngati ndili m'galimoto yoti sinalawepo ngozi.

Mwezi wathawu ndinaganiza zoigulitsa, ngongole zandipana. Alamu anga anabwera ndi nzeru, ati mlamu musapusenso kachiwiri, itsukeni, muitane munthu madzulo, inunso munagulitsidwa choncho, ndi mmene dziko likuyendera. Sindinama, ndinaganizira ndithu usiku wonse, ndipo positi yoyamba yomwe ndinalemba pa Facebook inalibe mawu oti ngozi. Anabwera mnyamata wina mphunzitsi wa cha ku Domasi, ndi mkazi wake ali ndi khanda kumbuyo, anati akufuna azipangira taxi ya Zomba–Liwonde kumapeto a sabata kuti aonjezere pa malipiro. Anatsegula boneti, anasolola kachitsulo ka oilo, kununkhiza, ndendende alamu anga ku Limbe kuja. Mkazi wake anakhala kale pampando wakutsogolo kumanzere, akusisita dashibodi, akumwetulira. Mbali yomwe ija.

Ndinalowa m'nyumba nkutenga foni, ndinamuonetsa zithunzi za chibenthu zija bambo wa inshuwalansi ananditumizira, ndi malisiti a ku Blantyre, ndinatsegula kabokosi ka pa dashibodi nkutulutsa kamaginito kanga, sinanga nane ndinaphwasula wailesi yakale, ndinamupatsa kuti aike yekha pa mapiko paja. Kanagwa. Anakhala chete nthawi yaitali, kenako anatchula mtengo wotsika kwambiri moti ngongole yanga siikanatha, ine ndinakana, iye anati akaganize kaye. Mkazi wake potsika anatseka chitseko pang'onopang'ono ngati chingathyoke, nkunena kuti zikomo bambo. Alamu anali pa khonde akumva zonse, sanandiyankhulitse mpaka pa nsima. Mnyamata uja sanaimbenso, Sienta ikadali panja pansi pa mtengo wa mapeyala, mawa m'mawa ndikasiya nayo ana kusukulu.